Lamba Wakumbuyo

Makanika anakoka lamba wa mpando wa dalaivala kawiri, koma lambayo anakana kutuluka.

"Uyu wafa, atelala," anatero. "Lamba akagwira munthu pangozi, ntchito yake yathera pomwepo. Taonani ulusiwu, wachita kupsa. Ameneyu ndiye anakusungani. Akadakhala munthu mukanamusokera suti."

Telala sanaseke. Chiikireni mwana wake wamkazi m'manda, sankamvanso kutentha kapena kuzizira. Akamupatsa chakudya ankadya, akamuuza kuti agone ankagona. Ngakhale kugarajaku anabwera chifukwa achibale anati galimoto isamangoola pabwalo. Mkazi wake anakhala pa tayala lakutha, chikwama chili pamiyendo, maso ali pa mafuta odontha pansi.

Makanika ankangodziwa kuti panachitika ngozi. Za amene anali kumbuyo palibe anamuuza, ndipo iye sanafunse. Paja safunsa anadya phula. Anatsegula chitseko chakumbuyo, nakoka lamba wakumeneko. Lambayo anatuluka bwinobwino, n'kubwerera yekha.

"Uyu ndiye musiyeni, bambo. Alibe ndi chipsera chomwe. Tsiku la ngozilo sanamange munthu ameneyu."

Mayi uja anadzutsa mutu.

"Mwati bwanji?"

"Ndati sanagwire ntchito, mayi. Akanagwira munthu akanamangika ngati mnzakeyu."

Mayiyo anayang'ana mwamuna wake. Sanakweze mawu.

"Munandiuza kuti mwana anamanga."

Telala anafunafuna mantha mumtima mwake, anafuna manyazi, koma sanapezemo kanthu. Bodza limene analisunga chichokereni kuchipatala linangogwa lokha ngati batani lothothoka.

"Anati lamba akumukhula pakhosi," anatero. "Ine ndinati ndi pafupi."

Makanika anaika sipanala pansi mosamala, kuti isalire.

Mayi uja ananyamuka, nakakhala pampando wakumbuyo paja. Anakoka lamba, kumudutsitsa pachifuwa, n'kumanga. Chitsulo chinalira kuti khethe. Anakhala choncho kanthawi, akuyang'ana kumbuyo kwa mpando wa mwamuna wake. Kenako anamasula n'kutuluka.

"Uyunso muchotse."

"Koma mayi, ndi wabwino."

"Ndaona kuti ndi wabwino. Muchotse."

Anatola chikwama chake, nadutsa mwamuna wake pakhomo osamukhudza, n'kuyamba wapansi. Telala anamuyang'ana mpaka anakhota. Kenako anagwira chitseko cha galimoto kuti chisatsekeke, makanika akumasula bawuti.