Nkhosa Yosochera ya Abusa

"Mukangoiyamba imeneyo, ine ndituluka," anatero makaniko, mwana woyamba wa malemu abusa, akumenya tebulo. "Bokosilo munyamula nokha."

Mlongo wake, mtsogoleri wa kwaya, sanatekeseke. "Achimwene, bambo anapeka nyimbo zambirimbiri, koma mpingo umakonda ya nkhosa yosochera. Tiwaike m'manda popanda imeneyo?"

"Nkhosayo ndi ndani?"

"Wochimwa aliyense."

"Aliyense? Nanga bwanji makosi onse amatembenukira kwa ine?"

Sankanama. Abusa anaipeka chaka chimene mwana wawoyu anagulitsa njinga ya mpingo n'kumwera mowa. Mowawo anasiya kalekale, galaja ali nayo yake, imvi zayamba, koma kwaya ikangoti "bwerera," ngakhale agogo osaona bwino ankamusakasaka ndi maso.

Amayi awo anali kusita jekete loti akaveke malemu. "Mwatha? Iwe wa kwaya, nyimboyo muimbe. Iwe wa galaja, ukakhale pafupi ndi ine. Chotsani zigongono, ndikufuna tebulo."

Tsiku la maliro tchalitchi chinadzaza mpaka pakhomo. Mlongo uja anakweza dzanja, kwaya n'kuiyamba mokoma. Makosi anayamba kutembenuka, benchi ndi benchi. Makaniko anatola chipewa chake.

Pomwepo amayi anaimirira n'kutsegula pakamwa. Mawu amene anatuluka anali ngati chitseko cha dzimbiri. Anaimba mothamanga n'kuisiya kwaya m'mbuyo, anakwera pamene ena akutsika, vesi yachiwiri n'kuilowetsa m'yoyamba. Woimba limba anasokonezeka. Mwana wina analira. Maso onse anachoka pa makaniko n'kutera pa namfedwa.

Mlongo uja anatsika msangamsanga. "Amayi, chonde! Mwayamba kuimba ngati bambo!"

Makaniko anayang'ana amayi ake, chipewa chili m'manja. Bambo ake anali ndi khutu lakuthwa. Munthu akaphonya pang'ono, ankaimitsa kwaya yonse. Koma nyimbo imodzi yokhayi, zaka zonsezi, ankaibangula paguwa mpaka mpingo wonse kuwayang'ana iwo, ena akubisa kuseka m'mabuku.

"Amayi," ananong'ona makaniko, "kodi bambo ankachitira dala?"

"Usandifunse zopusa, ndikuimba," anatero amayi, akupuma movutikira. "Pakhosi pandiuma. Abambo ako ankafika nayo mpaka vesi yomaliza."

Makaniko anaika chipewa pabenchi. Anakoka mpweya, n'kuilandira pamene amayi anaisiyira, moipa kuposa iwo.