Masamba Pamsewu wa ku Dubai

Maloto awa andisowetsa mtendere, poti sabata yamawa ndikupita ku Dubai ndi gulu lokaona malo.

Ndinalota tili m'basi yozizira ngati firiji, mtsikana wotitsogolera akukupiza kambendera. Nyumba zagalasi zinkatuluka thukuta. Kenaka ndinaona masamba aawisi atayalidwa pamsewu, monga timachitira kwathu pakagwa maliro.

"Adalaivala, chepetsani liwiro, pali zovuta apa!" ndinakuwa.

"Mayi, maliro sali pa pulogalamu," anatero mtsikanayo.

Matayala anaponda masambawo, basi yonse n'kununkhira mango.

Nditadzuka ndinaimbira foni achemwali kumudzi. Onse ali bwino. Kaya malotowa akutanthauza chiyani, ulendo ndipitabe, koma ndidzakhala kumbuyo kwenikweni kwa dalaivala. Akangoponda tsamba, adzandidziwa.