Tizilombo ta m'Migolo ya Farida

Chitsime chathu chinayamba kutulutsa madzi achikasu chaka chimene munthu wina womiza mapolo m'mankhwala anasamuka. Ankagwira ntchito yakeyo kumtunda kwa nyumba yathu, m'mbali mwa msewu wa ku Kachulu, ndipo pochoka anakhuthulira zotsala zonse m'dzenje n'kufotsera, mbuzi ya munthu. Mvula itagwa, manja anga anachita zilonda zosapola. A zaumoyo atayeza madziwo anati muli poizoni wotchedwa kiromiyamu, chitsime chitsekedwe ndi simenti.

Kunena n'kosavuta. Mjigo uli kutali, kuseri kwa sukulu, ndipo ine Elenala bondo langali linatha kalekale.

Amene anatidandaulira ndi Farida, mwana wa a Amidu ogulitsa matemba, yemwe akuphunzira za madzi ku Zomba. A zaumoyo anavomera kudikira kuti ayese nzeru yake. Anabwera ndi migolo yapulasitiki, n'kuthiramo mankhusu a mpunga, gaga ndi matope akuda a m'nyanja ya Chilwa.

"Mayi, m'matopemu muli tizilombo tosaoneka ndi maso," anandiuza. "Madzi a pachitsime akamadutsa pang'onopang'ono, tizilomboto timasintha poizoni uja kuti akakamire m'matope. Akumwa muzikatungabe kumjigo. Tizilomboti muzingotipatsa gaga, musathiremo china chilichonse. Akadzayeza madzi otuluka m'migolomu n'kuwapeza bwino, chitsime sachitseka."

Ndinkatidyetsa m'mawa uliwonse ngati nkhuku. Migoloyo inkanunkha mazira owola, anthu odutsa ankatseka mphuno n'kumanditcha mayi wa tizilombo, ine osawalabadira. Patapita miyezi, madzi otuluka pampopi wa mgolo womaliza anayamba kuyera. Kunena zoona, ndinayamba kutikonda tinthu tomwe sindinationepo.

Amuna anga a Bizweki ndiye ayi. Ankalambalala migoloyo nkhope ili gwa, n'kumang'ung'udza kuti munthu wabwinobwino saweta tizilombo m'madzi.

Kenako kolera inabuka padoko. Alangizi anayenda khomo ndi khomo kugawa klorini, uku chimkuzamawu chikubwereza zomwe tonse a kunyanja kuno tinaziloweza tili ana: madzi alionse thirani mankhwala, iphani tizilombo.

Lamulungu ndinapita kutchalitchi ndekha, a Bizweki atanena kuti mutu ukuwapweteka. Pobwerera ndinadabwa kuti pakhomo sipakununkha. Pankamveka fungo la kuchipatala. Botolo la klorini linali gada pansi lopanda kanthu, ndipo iwo anali chiimire ndi mtengo umene anatakasira m'migolo monse.

"Bambo a Memory, mwachita chiyani?"

"Ndateteza nyumba yanga."

Ndinawalalatira mpaka oyandikana nafe anatuluka m'nyumba. Ndinawauza kuti ndi ouma mutu, kuti madzi amangowaonera m'kapu, kuti bondo lomwe aliphali si lawo. Anandisiya ndithe, kenako anayankha motsitsa mawu.

"Memory ndinamunyamula ndine pamachira kuchoka pakhomo pano, chifukwa cha tizilombo ta m'madzi. Wina sindinyamulanso."

Memory anali mwana wathu woyamba. Kolera inamutenga ali sitandade 4. Ndinalowa m'nyumba n'kukalira, theka chisoni theka ukali.

Farida atabwera anatsegula mpopi, madzi n'kutuluka achikasu ngati kale. Sanakalipe, mwana waulemu uja. Anangoti tizilombo tafa tonse, poizoni amene anagwidwa m'matope wamasukanso, ndipo kuyambiranso kufuna miyezi ina. A zaumoyo anafika sabata yomweyo. Farida anawachonderera mpaka misozi, koma iwo anati m'nyengo ya kolera sangasiye chitsime choipa chili chotsegula. Sindikuwanena, ntchito yawo ndi imeneyo.

Simenti anaponda a Bizweki eni ake, n'kusalaza bwinobwino pamwamba.

Tsopano ndimatsimphina kupita kumjigo, kupuma panjira ngati nkhalamba, bondo litatupa. Ndikabwerako a Bizweki amandilandira ndowa pakhomo, n'kudonthezeramo klorini mosamala. Ine ndimayang'ana kumbali. Sindinawakhululukire, koma pakamwa panga pamakana kuwauza kuti analakwa.