Khadi la Mgonero la a Bruce

Loweruka limenelo anadya nkhomaliro mochedwa, chifukwa mayi Matilda anali atangoweruka kumene kunyumba yosamalira okalamba komwe ankagwira ntchito. Panali mpunga ndi nyemba. Ndapile, mwana wawo wamkazi yemwe ankagwira ntchito ya makompyuta m'tauni, anabwera kudzadya nawo monga ankachitira Loweruka lililonse. A Fryson, amuna a mayi Matilda, sankadya kwenikweni. Anakankhira mbale kumbali n'kuyala makhadi a mgonero patebulo, pang'onopang'ono, ngati mmene ankasankhira fodya kwawo ku Mitundu.

Mpingo womwe ankapemphera ku Govanhill, kutsidya kwa nyanja, unali wa azungu eni dziko, Amalawi analimo mabanja anayi okha, koma unkasungabe mwambo wakale womwe a Fryson anakula nawo. Mgonero ukayandikira, mkulu wampingo aliyense ankayenda khomo ndi khomo kupereka khadi kwa Akhristu a m'dera lake. Mgonero unali mawa lake. Makhadi atatu otsala anali a anthu apafupi, oti akhoza kuwapereka akupita kogula mkaka. Khadi lachinayi linali palokha, lotsindiridwa ndi botolo la shuga kuyambira kumayambiriro kwa sabata.

"Adadi, nanga la a Bruce likutani pansi pa shuga?" anafunsa Ndapile.

A Fryson anayankha kuti likudikira seshoni, bwalo la akulu ampingo.

A Bruce anali dalaivala wa basi wopuma pantchito, munthu yemwe kwa zaka zambiri ankaima pakhomo la tchalitchi kupereka moni ndi mabuku a nyimbo. Ndi iwo amene anabweretsera a Fryson chotenthetsera m'nyumba nyengo yawo yoyamba yozizira, osapemphedwa ndi wina aliyense. Masabata atatu apitawo apolisi anapeza mitengo isanu ya chamba m'kabati ya zovala kunyumba kwawo ku Easterhouse. Mlandu unali woti ukalowa m'khothi mu Januwale, ndipo kuchokera tsiku lomwe apolisi anabwera a Bruce sanaonekenso kutchalitchi. Abusa sananene kuti khadi lawo ligwidwe, ngakhale seshoni sinakambepo chilichonse. Koma a Fryson anakhala mkulu wampingo kumudzi zaka khumi ndi zisanu asanabwere kuno, ndipo ankadziwa chinthu chimodzi: munthu wa mlandu wa chamba sayandikira gome la Ambuye asanadutse m'kalasi la obwerera.

Ndapile sanaugwire mtima. Anati aliyense akudziwa kuti chambacho chinali cha mayi Sylvia, akazi awo a a Bruce, omwe matenda a mitsempha anawagoneka zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Anati lamulo la kuno limalola madokotala akuluakulu kulemba mankhwala ochokera ku chamba, koma owalandira ndi owerengeka, ndipo ngakhale ku Malawi boma linayamba kupereka ziphaso zolimira chamba cha mankhwala. Anawakumbutsanso za kalata ija yomwe akulu ampingo ena ankafuna kutumiza kwa aphungu, yopempha kuti odwala aloledwe chamba komanso kuti munthu wopezeka ndi kochepa asamatsekeredwe m'ndende. Kalatayo inafera m'manja mwa a Fryson, omwe anaimirira mu seshoni n'kuikana mpaka anzawo anaipinda.

"Boma likalola chinthu, ndiye kuti Mulungu walola?" anatero a Fryson.

Nthawi yonseyi mayi Matilda ankatola nyemba zomwe zinagwera pansalu ya patebulo. Atamaliza anayang'ana amuna awo.

"Bambo a Ndapile, kumudzi kuja munkadula munthu musanapite kukamuona?"

A Fryson anakumbukira za kumudzi. Zinali zoona. Ngakhale wophika kachasu ankayamba amupitira pakhomo pake, kukhala naye pamkeka, kumva mbali yake. Kuno anali atadikira masabata atatu osakwera basi. Anaimirira n'kukatenga jekete lawo lalikulu. Khadi lija analiika m'thumba lam'kati, n'kunena kuti akungolitenga, sakukalipereka ayi. Mayi Matilda sanatsutse, anangowapakulira nyemba zotsala m'kontena kuti akapatse odwala.

Ulendo wa ku Easterhouse ndi wa mabasi awiri, ndipo wachiwiriwo umatenga nthawi. A Fryson anakhala pawindo, kontena ili pamiyendo, mvula yowaza ikutsetsereka pagalasi. Anapezeka akuganiza za Felix, yemwe ankaimba tena mu kwaya ya ku Mitundu. Anamupeza ndi ndudu ya chamba kuseri kwa chigafa cha fodya. A Fryson anamudula mumpingo, ndipo pofuna kumuopseza kuti asiye anakauzanso apolisi. Ankaganiza kuti akagona m'chitokosi masiku awiri n'kutuluka ali wina. Felix anakakhala kundende zaka ziwiri. Anabwerako akutsokomola, akusuta kuposa kale, ndipo sanapondenso pakhomo la tchalitchi mpaka tsiku lomwe anamunyamula m'bokosi. A Fryson ankadziuza nthawi zonse kuti iwo anachita mbali yawo. Tsiku limeneli mawuwo sanawakhazike mtima pansi ngati kale.

A Bruce anatsegula chitseko ali ndi thaulo paphewa. Anali ataonda, ndevu zitamera. Ataona kuti ndi mkulu wampingo anaweramitsa mutu, kenako anawalowetsa. Bedi la mayi Sylvia linali pabalaza, chifukwa masitepe anali atawakanika kalekale. Mayiwo analandira mlendo ndi nkhope yowala, nafunsa za Matilda ndi Ndapile, n'kuseka kuti nyemba za ku Govanhill zawapeza mpaka kuno. Anacheza za mvula ndi za denga la tchalitchi lomwe linkadontha. Za mlandu panalibe anazitchula.

Tiyi asanathe, mayi Sylvia anasiya mawu pakati. Miyendo yawo inauma gwa, zala zakuphazi zinapindika, ndipo thupi lonse linayamba kugwedezeka. Sanalire, anangoluma pilo. A Bruce anaika kapu pansi mosathamanga, ngati munthu wozolowera. Anagwada kumiyendo kwa bedi, natenga mapazi a akazi awo n'kuwatsamiritsa pachifuwa pawo, akusisita akatumba kuchokera kumaondo kutsika, uku akung'ung'udza nyimbo ya salimo. Bondo lawo limodzi linali lotupa, a Fryson analiona pamene ankagwada. Zinatenga nthawi yoti munthu akhoza kupalira mzere wathunthu wa chimanga. A Fryson anasowa poyang'ana, ndipo mapeto ake anagwira dzanja la mayiwo lomwe linkafufuza chogwira.

Zitadutsa, mayi Sylvia ndi amene anayamba nkhaniyo, mawu ali otopa. Anati mapiritsi a kuchipatala ankawasanzitsa osachotsa ululu. Amuna awo ankaphika masamba a chamba aja mu batala n'kuwapakira pabuledi madzulo, ndipo ankagona maola anayi osadzuka. Kuchokera pomwe mitengo inatengedwa, kuuma kwa miyendoku kumabwera pafupifupi ola lililonse. A Bruce anawonjezera kuti kugula kwa anyamata a mumsewu anakana, chifukwa sankafuna kudyetsa anthu omwe akuwononga ana a eni ake, n'chifukwa chake anayesa kulima okha, iwo amene sanadzalepo ngakhale duwa. Mitengo itatu yoyamba inafota yonse.

"Munkathirira kangati?" anafunsa a Fryson asanaganize.

"M'mawa ndi madzulo."

"Munkaimiza m'madzi. Mbewu ya m'chitini sifuna zimenezo."

Mayi Sylvia anaseka mpaka misozi, akuti akanadziwa akanaitana mkulu wampingo poyamba pomwe. A Fryson anachita manyazi, komabe nawonso anaseka.

A Bruce anawaperekeza mpaka pakhonde, ndipo pamenepo ndi pomwe analankhula zomwe zinali kumtima. Anati lamulo analiphwanya ndithu, ndipo kukhothi sakanama. Loya anawauza kuti mwina sakawatsekera, koma sanalonjeze.

"Ndende sindikuiopa chifukwa cha ine, Fryson. Koma uyu adzamutembenuza ndani? Zaka makumi anayi ndi zinayi zapitazo ndinaima pamaso pa Mulungu n'kulonjeza kuti ndidzamusunga podwala ndi pamene ali bwino. Sindinaone njira ina yosungira lonjezolo."

 Moyo wawo wonse a Fryson ankalalikira kuti ukwati ndi pangano losathetsedwa ndi munthu, ndipo anadulapo amuna angapo chifukwa chothawa akazi odwala. Apa panali mwamuna yemwe sanathawe. Analowetsa dzanja m'jekete n'kutulutsa khadi lija.

A Bruce anabweza manja kumbuyo. Anati sangabwere, anthu onse anawerenga dzina lawo m'nyuzipepala.

"A Bruce, khadi ili ndinalibisa pansi pa shuga sabata yonse, popanda wondituma. Ndinalakwa. Gomelo si langa, ine ndimangopereka uthenga. Mwini wake akukuitanani."

A Bruce analilandira ndi manja awiri, monga anaonera Amalawi akuchitira, osalonjeza kanthu. Anangonena kuti mchemwali wake wa Sylvia amabwera Lamulungu m'mawa.

Mawa lake akulu ampingo anakumana m'kachipinda ka kuseri mapemphero asanayambe, monga amachitira tsiku la mgonero. Abusa atamaliza kugawa mizere ya mipando yoti aliyense akatumikire, a Fryson anapempha kuti alankhule. Anaimirira, ngakhale kuti kuno anthu amalankhula ali chikhalire. Anati maganizo awo pa kusuta chamba kofuna kuledzera sanasinthe, ndi tchimo, ndipo adzauzabe achinyamata zimenezo mpaka tsiku lawo lomaliza. Koma tchimo ndi ntchito ya mpingo, ya kuyendera munthu ndi kupemphera naye, ndipo iwo akudziwa munthu mmodzi yemwe anamupereka kundende kuti alape n'kumutaya. Anatinso lamulo lomwe lingachotse mwamuna pambali pa mkazi wake wodwala likulekanitsa chomwe Mulungu anamanga, ndipo Mkhristu sangalisekerere.

"Kalata ija ya kwa aphungu, a Reuben, ikadalipo?"

A Reuben, mlembi wa seshoni, anavula magalasi n'kuwayang'ana kaye. Anayankha kuti ilipo, koma mwa dongosolo iyenera kudikira msonkhano wa Lachinayi. A Fryson anati dongosolo ndi labwino, adikira, koma ikadzatuluka dzina lawo lidzakhale loyamba kusaina. Mayi wina wachikulire yemwe anawathandiza kuikana kalatayo poyamba anapukusa mutu, nati iye sanasinthe. A Fryson anamuuza kuti adzamuyendera Lachiwiri akamwe naye tiyi.

Nyimbo yoyamba inatha a Bruce asanafike. Yachiwiri ili pakati chitseko chinalira, ndipo analowa atameta ndevu, atavala tayi, nakhala pampando wakumbuyo kwenikweni pafupi ndi maambulera. Mzere umenewo sunali wa a Fryson, unagwera a Reuben. A Fryson anangoonera patali pamene mbale ya mkate inafika kumbuyoko, a Bruce nazengereza pang'ono, kenako n'kutambasula dzanja.

Mapemphero atatha, a Bruce anafuna kuzemba anthu asanatuluke, koma mayi Matilda anawatsekera njira pakhomo n'kuwauza kuti kukhitchini kukusowa manja. Timakapu ta mgonero tinalipo toposa zana, tating'ono ngati chala chachikulu, ndipo tonse timatsukidwa pamanja. A Bruce anapinda malaya n'kuima pasinki. A Fryson anatenga kansalu kopukutira naima pambali pawo. Anthu ankalowa kudzasiya makapu a tiyi, ena ankagwira a Bruce paphewa podutsa, ena ankangofunsa za Sylvia. Mayi Matilda anabweza timakapu tiwiri kuti tatsala ndi vinyo pansi, akuti amuna awiri akuluakulu akulephera ntchito ya mwana wa Sande sukulu.

A Bruce ankayang'anayang'ana wotchi ya pakhoma, chifukwa mlamu wawo ankayenera kuchoka wani koloko. Ndapile anasuzumira pakhomo, makiyi a galimoto ali m'manja, nati asadandaule za basi, awaperekeza. A Bruce anatsuka kakapu kotsiriza n'kupatsira a Fryson, omwe anakapukuta bwinobwino mkati ndi kunja n'kukaika m'thireyi pamodzi ndi tinzake.