Silikoni Wofiira wa Atate

Chaka chimene magetsi ankazima theka la tsiku, kwacha ikugwa mwezi ndi mwezi, ine ndi atate anga, a Fackson Nkole, tinkagwira ntchito pa galaja ya a Kasoma ku Chawama. Atate anali makaniko wakale wa kampani ya mabasi imene inatha ine ndili kumsana. Ine ndinkagwira kamakina koyezera matenda a galimoto, kamene iwo ankakanyoza, potchula dzina langa, kuti kawailesi ka Ketty. Masiku amenewo ndimawasowa, ngakhale nthawi zambiri tinkaweruka chimanjamanja.

Vuto linabwera ndi Rex, woyendetsa takisi, amene anagula mapaipi onyezimira a utsi ku Kamwala kuti galimoto yake izibangula. Munthu wothira petulo wa m'kabotolo, koma kufuna kubangula! Atate anamumangira mapaipiwo ku injini. Patangotha sabata Rex anabwerera, kanyali ka injini katayaka, galimoto ikumwa mafuta ngati chidakwa. Kamakina kanati sensa yonunkhiza utsi, imene imauza injini mafuta oyenera, ikuchedwa kuyankha. Tinaika ina. Patapita masabata awiri Rex anali pa geti, nkhope ili ndwii.

A Kasoma anali atadandaula kale kuti galaja singathenso kudyetsa anthu anayi. Tsiku limenelo ananena poyera kuti amene walakwitsa galimoto imeneyi ndiye apite.

Ndinalowa pansi pa galimoto. Ndinapaka thovu la sopo m'molumikizira monse kuti ndione ngati mpweya ukuthawa, koma panalibe. Mawaya anali bwino. Nditamasula sensa ndinaipeza nsonga itayera ngati yaviikidwa mu ufa. Kenaka ndinaona polumikizira mapaipi ndi injini mzere wa silikoni wofiira, wosalazidwa bwino ndi chala chachikulu. Chala chimenecho ndinkachidziwa. Atate ankamata choncho kuyambira nthawi ya mabasi, ndipo mabasiwo ankapita ku Chipata n'kubwerako osadontha. Koma mabasi a nthawi imeneyo analibe sensa. Silikoni wotchipa uja akatentha amatulutsa nthunzi imene imakuta sensa mpaka kuigonthetsa.

Ndinakhala pansipo nthawi yaitali, ndikungogogoda chitsulo kuti azimva ngati ndikugwira ntchito. Ndinali ndi mantha, ndiponso ndinawakwiyira atate chifukwa chomata mokongola chotero.

Nditatuluka ndinawauza a Kasoma kuti mapaipi ndiwo oipa, Rex anagula zinyalala. Rex anayamba kulusa. Atate anandiyandikira. Anangotenga sensa m'manja mwanga, n'kuikanda ndi chikhadabo, n'kundifunsa chimene chimayeretsa chitsulo chotero. Ndinati sindikudziwa.

“Ketty, sininakuphunzitse boza. Kamba.”

Ndinakamba, maso ali pansi. Anamvetsera mpaka kumapeto, osandidula, ngakhale masiku onse ankandidula pakamwa. Kenaka anatembenukira kwa a Kasoma.

“Ndine, ba Kasoma. Mapaipi yalibe mulandu. Nizasiliza iyi motoka, elo nizayenda.”

A Kasoma anakanda m'mutu, nayang'ana kumbali, koma mawu awo sanawabweze.

Masana onse atate anamasula mapaipi, napala silikoni ndi kampeni mpaka chitsulo chinawala. Anaika polumikizira paja gasiketi yatsopano youma, yopanda silikoni, ine n'kuika sensa yachitatu. Titaliza injini ndinalumikiza kamakina, manambala n'kuyamba kudumpha mofulumira monga mmene amafunikira. Atate anaima kumbuyo kwanga akupukuta manja. Munthu amene kwa zaka makumi anayi ankadziwa injini ndi khutu lokha anasuzumira pa kagalasi kamene sankatha kukawerenga, ndipo anandifunsa motsitsa mawu, mwaulemu umene ankapatsa akuluakulu a ku kampani.

“Ba Ketty, nachita bwino?”

Ndinati inde. Anagwedeza mutu, navula ovolosi yawo, n'kuipinda.