Loweruka la a Wahab

A Wahab ali ndi ngongole ya Loweruka limodzi kwa mwana wanga. Ndalama ayi, zimenezo ndinasiya kufunsa kalekale. Loweruka basi. Tsiku limene ankachoka kwathu ku Chirimba anamunyamula Marwa, ali ndi zaka zitatu, n'kumuuza kuti, "Ndibwera Loweruka." Zapita zaka makumi awiri ndi ziwiri. Kaya kalendala ya kwawoko imathera Lachisanu.

Marwa anakula akusuzumira madalaivala. Ankadziwa kuti bambo ake amayendetsa galimoto, ndiye minibasi iliyonse ankalimbirana mpando wakutsogolo. Ine ndikugulitsa matimati mumsika wa Limbe, iye maso ali kumsewu. Fizi ine, malungo ine, koma chithunzi cha pansi pa pilo n'cha a Wahab. Chabwino.

Tsono anapeza mwamuna, Zakir, wogulitsa matayala. Shehe anati pa ukwati wopereka mkwatibwi ndi bambo ake, ngati ali moyo. Ndinati achimwene anga alipo, ndi amene amulera. Marwa anangoti, "Amayi, ndikufuna ababa," ndi mawu aja a mwana wa zaka zitatu. Ndinavundikira matimati n'kunyamuka.

A Wahab ndinawapeza ku Namiwawa, kumene amayendetsa bwana wina. Mlonda anandiimika pageti ngati ndabwera kudzapempha ganyu. Kenako anatuluka a Wahab, mimba patsogolo, makiyi pachala.

"Aa, make mwana! Simukalamba inu."

"Inu mwakalamba. Loweruka likubwerali mwana wanu akukwatiwa. Ndikukufunani tsiku lonse."

"Tsiku lonse? Abwana ali ndi gofu."

"Theka."

"Masana adona amapita kogula zinthu."

"Maola awiri. Ndatsitsa kale kwambiri."

"Mphindi makumi atatu, ndikawasiya abwana."

"Ola limodzi, ndipo mwanayo mumugwire dzanja anthu akuona. Mukakana ndilowa ndikapemphe kwa adona anuwo, ndiwafotokozere kuyambira pachiyambi."

Anacheukira geti. "Ola limodzi. Ndiye Khadijah wakula, eti?"

"Khadijah ndi wa mkazi wanu wa ku Mpingwe."

"Ee, ee, ndimati Rania."

"Ameneyo sindimamudziwa, koma zikomo pondiuza."

Loweruka ndinawadikirira panja pa mzikiti. Atangotsika ndinawagwira mkono n'kutulutsa peni yanga yolembera mitengo pa makatoni, ija yosafufutika. Sukulu ndinalekezera sitandade 3, koma dzina la mwana wanga ndimalitha. Ndinalilemba pachikhatho pawo, zilembo zikuluzikulu.

"Sambani m'manja kasanu ngati mukufuna, silichoka. Shehe akafunsa, yang'anani apo."

Anayang'anadi. Achimwene, amene anakhala nawo mbali ya amuna, akuti a Wahab anatchula "Marwa" mokweza, ngati munthu amene amadzuka nalo dzinalo m'mawa uliwonse.

Anthu atatuluka, Marwa anawathamangira, chovala chikukwekwereka m'fumbi. Anagwira dzanja lawo ndi manja ake onse awiri n'kulitembenuza. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndalemba dzanja lamanja, lopatsira moni. Mutu wangawu! Anayang'ana nthawi yaitali. Zilembo zanga amazidziwa, wakula akuziwerenga pa makatoni a matimati.

Sanalitaye dzanjalo. Analigwirabe, akuwayang'ana kumaso, mphuno, makutu, ngati akusankha katundu woti sadzabweza. Analigwira mpaka a Wahab anayamba kusuzumira wotchi ya kudzanja linalo.

"Pitani, ababa," anatero. "Abwana akudikira."

Galimoto itakhota, Marwa anabwera pamene ndinaima. Ndinakonzeka kale kuti andikalipire pamaso pa apongozi.

"Amayi, munagwirizana nthawi yaitali bwanji?"

"Ola limodzi."

"Akhala ola ndi mphindi khumi. Ndimawerenga."

"Ndiye atiikira ndi basela. Loweruka lako walandira, ngongole yatha, usadzandifunsenso. Pukuta maso, anthu akudikira mpunga."