Chithunzi cha Bambo Rogers

"Ukangonena kuti chala chinaphonya. Chavuta n'chiyani pamenepo?"

"Sichinaphonye, Anti."

"Ndikudziwa kuti sichinaphonye! Ndati ukanene choncho. Iwe Twambilile, makutu akowo ndi ongokolekamo ndolo?"

Twambilile anali atakhala pakona m'kachipinda kopumuliramo antchito, atafumbata kapu ya tiyi amene anazizira kalekale. Anti Mildred anali ataima pakhomo, manja m'chiuno, ngati akuopa kuti mwanayo athawa. Sanali azakhali ake a magazi ayi. Anali nesi wamkulu panyumba yosamalira okalamba imeneyi ya ku Longbridge, mayi wa ku Ntcheu amene anafika ku Mangalande Twambilile akadali kumsana. Ndi iwo anamunenerera kwa mabwana mpaka analembedwa ntchito. Ndipo viza yake inapachikika pa ntchitoyi ngati malaya pa msomali: msomali ukazuka, malaya ali pansi.

"Bwana Anastasia akuitana pompano," anatero Anti Mildred, mawu atatsitsa. "Ukati inali mistake, akupatsa warning, nkhani yatha. Ukati unachita dala, ndi dismissal. Ukudziwa kuti dismissal n'chiyani kwa munthu wa viza ngati yakoyi? Sutukesi, mwanawe. Ndege."

Pakhoma, pamwamba pa ketulo, sikirini yaikulu inali kuwala monga mwa masiku onse. Ankaitcha dashibodi. Wokalamba aliyense m'nyumbamo anali ndi kabokosi kake pamenepo: dzina, nambala ya chipinda, madzi amene wamwa, mankhwala amene walandira, ngati wagwa kapena ayi. Kabokosi kobiriwira ndiye kuti zili bwino, kofiira ndiye thamangani. Ndipo m'kabokosi kalikonse munali nkhope, makwinya ndi imvi, mizere yonse. Kupatula kamodzi. M'kabokosi ka Bambo Rogers munali mnyamata.

Zithunzizo anaikamo ndi Twambilile yemweyo.

Poyamba dashibodi inali ya mayina ndi manambala basi. Vuto linali la antchito a ejensi, aja obwerekedwa tsiku limodzi anthu akaperewera. Amafika osadziwa nkhope ya aliyense, n'kumazungulira m'makonde akufunsa kuti Mayi akuti ndi ati. Ndiye Anastasia, bwana wa panyumbapo, anati m'kabokosi kalikonse mulowe chithunzi. Atafunsa amene angathe, Twambilile anaimika dzanja funso lisanathe, chifukwa anaphunzirako kompyuta ku Lilongwe. Lamulo linali limodzi: chithunzi chikhale cha lero, nkhope ioneke mmene ilili.

Ntchitoyo anaikonda kuposa ina iliyonse imene anagwirapo m'dziko lozizirali. Amalowa m'chipinda ndi tabuleti m'manja ndi chipeso m'thumba. Amapesa tsitsi, kuwongola kolala, kutembenuzira mpando kuwindo kuti kuwala kugwere bwino. Kenako amakakhala pa kompyuta, kutsegula kabokosi, kusankha chithunzi, kudula m'mbali, n'kuona nambala ikusanduka munthu. Mtima wake umagunda ngati akutsegula mawindo m'nyumba imene yakhala yotseka chaka chonse.

Mpaka anafika kwa Bambo Rogers.

Bambo Rogers anali wamtali, waulemu, woiwalaiwala. Sitiroko inawakokera pakamwa mbali imodzi, ndipo diso lakumanzere limangotsika misozi popanda chifukwa. Twambilile anawajambula kambirimbiri. Anasintha mpando, anasintha kuwala, anawapukuta pachibwano. Zithunzi zonse zimatuluka chimodzimodzi. Potsiriza anawaonetsa chimene chinali chabwinoko.

Mkuluyo anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Kalanga ine," anatero m'Chingerezi chawo chachibwibwi. "Ndani mkulu wosaukayu? Alibe abale?"

Twambilile anatsitsa tabuleti. Kwathu wodwala sajambulidwa. Wodwala amafundidwa, amatsekeredwa chitseko, alendo amauzidwa kuti akupeza bwino. Munthu ukamuika poti aliyense amuone, umamuika ali m'suti yake yabwino. Ndipo apo, pa kabati ya pafupi ndi bedi, panali chithunzi m'kafelemu: mnyamata wa tsitsi lakuda bii, atavala ovololo, dzanja lili padenga la galimoto yatsopano pageti la fakitale. Amaseka, osati kuseka kwa kamera, koma kuseka kwa munthu amene akuyang'ana yemwe wagwira kamerayo.

"Anajambula ndani?" anafunsa Twambilile.

"Mkazi wanga. Anabwera ndi chakudya changa, ndinachiiwala kunyumba."

Mkaziyo anamwalira kalekale. Koma Twambilile anamuona pompo m'maganizo, mtsikana wa chikhothi chofiira, tsitsi likuuluka ndi mphepo, akudutsa pakati pa anyamata oimba likhweru ndi kaphukusi m'manja. Ha, chikondi cha anthu akale! Sanaganize kawiri. Anajambula chithunzi cha m'felemucho, ndipo madzulo ake mnyamata uja analowa m'kabokosi ka Bambo Rogers.

Panapita milungu palibe amene anafunsa. Antchito okhazikika samayang'ana nkhope pa dashibodi, amazidziwa kale. Amayang'ana mitundu basi. Twambilile yekha ndiye amaima pansi pa sikirini poyamba shifiti, n'kumupatsa moni mnyamatayo mumtima.

Ndiye linafika Lamlungu lija masana, nthawi ya alendo. Pakhomo lalikulu anaikapo Hassan, wa ejensi, tsiku lake loyamba. Anthu amalowa ndi kutuluka ndi maluwa ndi makeke. Kenako panafika mkulu wina atavala chikhothi ndi kapusi, sikafu itakwera mpaka pamphuno, n'kupempha mwaulemu kuti amutsegulire. Hassan anachita zimene anauzidwa. Anatsegula dashibodi pa tabuleti, anayang'ana nkhope imodzi imodzi, mzere ndi mzere. Mkuluyo munalibemo. Anatsegula chitseko n'kumufunira ulendo wabwino.

Bambo Rogers anakawapeza kukuyamba kuda, pamalo oimika magalimoto pafupi ndi masitolo atsopano, pamene kale panali fakitale ija. Anali ataima pamvula, atanyowa mpaka m'kati, akudikira kuti geti litseguke. Tsopano anali kuchipatala ndi chibayo, akupumira m'machubu.

"Zithunzi zonse ziwiri zili mu tabuletimo, si choncho?" Anti Mildred anali akadalankhula. "Zagundizana. Chala chimaphonya, aliyense akudziwa. Ine ndakhala m'dziko muno nthawi yaitali, anthu awa amakhululuka mistake. Chimene sakhululuka ndi maganizo."

"Nanga Hassan?"

"Hassan palibe chimene walakwa, amusiya. Ganiza za iwe! Amayi ako ku Area 25 ndikawauza chiyani ine? Kuti mwana wanu wabwezedwa chifukwa anakopeka ndi mzungu wa pachithunzi?"

"Anti!"

"Nanga ndinene kuti chiyani? Anyamata onse ali ku tchalitchi aja, a Elijah akukufunsa Sande ndi Sande, iwe wakasankha wa zaka za agogo ako. Wa pepala!"

Tsiku lina Twambilile akanaseka. Lero anangoika kapu pansi, chifukwa chitseko cha ofesi chinali chitatseguka ndipo dzina lake linali litaitanidwa.

Anastasia sanali munthu woipa, ndipo chimenecho ndicho chinapweteka kwambiri. Anali ndi maso otopa, a munthu amene wakhala akuyankha mafoni a abale okwiya. Anamuuza Twambilile kuti akhale pansi, anafunsa ngati akufuna madzi. Anti Mildred anakhala pambali ngati mboni, chikwama pamiyendo. Kompyuta ya patebulo inali itatembenuzidwa kuti onse aione, ndipo mnyamata uja anali pomwepo, akuseka.

"Ndiyenera kulemba mmene chithunzichi chinafikira apa," anatero Anastasia. Anaima pang'ono, n'kuyang'ana cholembera chake. "Zithunzi zinali zambiri, ndipo ntchitoyi unaigwira wekha. Kodi mwina unasankha china mwangozi?"

Chitseko chinali chimenecho, chotsegula, ndipo anamutsegulira ndi bwana yemwe. Pansi pa tebulo phazi la Anti Mildred linaponda lake. Liwu limodzi lokha. Inde. Twambilile analimva lili palilime, lopepuka ngati nthenga. Anaona kachipinda kake ka lendi, basi ya m'mawa, chikhothi chimene anali atangogula. Anazifuna zonsezo, anazifuna ndithu. Koma atakweza maso anakumana ndi mnyamata uja. Anene kuti ameneyu ndi ngozi? Kuti tsitsi lakudalo, dzanja padenga la galimoto, mtsikana wobweretsa chakudya, zonsezo ndi chala chophonya, ndipo munthu weniweni ndi uja mwiniwake anamufunsa kuti alibe abale?

"Ayi," anatero. "Ndinasankha dala."

Anti Mildred anatulutsa mpweya ngati munthu wobayidwa.

Anastasia anatseka maso kanthawi, kenako analemba. Analankhula pang'onopang'ono, mawu a m'malamulo amene sanali ake. Lamulo linali lomveka. Munthu watsala pang'ono kufa. Abale ake akufuna yankho, oyendera nyumba za okalamba afunanso lawo. Twambilile aime kaye ntchito kuyambira lero, ndipo pakhala msonkhano wina, koma sangamunamize kuti ukatha bwino. Ikatha ntchito, a boma ayenera kudziwitsidwa.

Twambilile anavula baji yake n'kuiika patebulo.

"Chinthu chimodzi usanapite," anatero Anastasia, manyazi ali pankhope. "Palibe wina akudziwa kusintha kwake. Ungatiikire chithunzi choyenera?"

Ndiye anakokera mpando pafupi. Zala zake zimadziwa njira. Anatsegula kabokosi, anapeza chithunzi chija cha pakamwa popotoka ndi diso la misozi, anadula m'mbali mwaukhondo monga ankachitira ndi zonse. Kompyuta inafunsa ngati akutsimikiza. Anatsimikiza. Kagudumu kanazungulira pang'ono, ndipo mnyamatayo anazimiririka. M'malo mwake munatsala mkulu wosauka uja, pakati pa okalamba anzake, mzere wonse wofanana tsopano.

Kunja kunali mvula ija yosagwa yosaleka, yongonyowetsa mtima. Anayenda mpaka pa siteji ya basi pa Bristol Road osatsegula ambulera. Kutsidya, magetsi a masitolo anali atayaka kale ngakhale kunali kusanade, ndipo anthu amakankha matirole pamalo pamene Bambo Rogers anadikira geti lawo. Basi simabwera. Bwanji osangobwera basi, ikamutenge, zithe?

Anamva nsapato zikuthamanga kumbuyo. Anti Mildred, opanda chikhothi, yunifolomu ikunyowa, akupuma mwabefu.

"Wandichititsa manyazi," anatero. "Ndinakuimira ine. Ndinati mwana uyu ndi wanzeru, ndi wa pemphero. Mzungu wakutsegulira khomo ndi manja ake, iwe ukuti ayi, ndidutsa pawindo. Ndi ufiti? Ndi chiyani?"

"Pepani, Anti."

"Pepani wakoyo ndikamudyera kuti? Ndiuze! Munthu wosakhala m'bale wako, mawa lino sakukumbuka ndi dzina lomwe. Unkafuna chiyani kwenikweni?"

Twambilile anayang'ana kumsewu. Kenako anatulutsa foni m'thumba, anafufuza pang'ono, n'kuwapatsa.

Pa sikirini panali bambo wowonda ngati bango, atagona pabedi la kuchipatala, chitenje chitatsika pachifuwa, nthiti zonse poyera. Pakamwa panali potseguka. M'munsi mwake wina anaikapo kandulo ndi manja opemphera.

"Ndani ameneyu?"

"Adadi."

Anti Mildred anayang'ananso. Ankadziwa kuti bambo a mtsikanayu anamwalira chaka chatha, iye atangofika kumene, ndipo sanathe kupita kumaliro. Iwo omwe ndi amene anatsogolera mapemphero a chipepeso ku Hillfields. Koma chithunzichi anali asanachione.

"Msuweni wanga anawajambula tsiku lomaliza, anati ndiwaone. Anachiika pa gulupu ya banja. Atamwalira, aliyense anangotenga chomwecho n'kuika pa status, tauni yonse inawaona choncho." Anapukuta mvula kumaso. "Adadi anali oimbitsa kwaya, Anti. Amasita malaya mpaka kolala kuima yokha. Samatuluka pakhomo nsapato zosapolisha, ngakhale kukagula machesi. Zithunzi zawo zabwino zinali mu foni yanga yakale, inabedwa mu depoti ndisanabwere. Amayi ali ndi chimodzi cha ukwati, chinadyedwa ndi chinyezi, nkhope kulibe. Ndiye ndikatseka maso kuti ndiwakumbuke, amabwera awa. Ndimayesa, ndimayesa, amabwera awa basi."

Basi inatulukira pakona, magetsi ake akusambira m'madzi a mumsewu. Anti Mildred anali akadagwira foni ija, chala chawo chachikulu chitaphimba nthiti za munthu amene sanakumanepo naye. Mvula imatsika m'masaya mwawo.

"Mwanawe," anatero chapansipansi. "Bwanji sunanene?"

Basi inaima, chitseko chinatseguka, dalaivala anawayang'ana. Twambilile sanasunthe.

"Ndinkafuna kuwaona ataimirira, Anti. Basi. Ndinkangofuna adadi anga ataimirira."